Kodi imfa ya mayi anga ingakhale ntchito ya luso la zithunzi?

Funso: Ndine mayi wojambula zithunzi ku Kapata mumzinda wa Chipata, ndipo ndimapeza chakudya pojambula maukwati ndi maliro. Mayi anga anamwalira miyezi inayi yapitayo, ndipo tinakawaika kumudzi kwathu ku Katete. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuona pa intaneti ntchito za akatswiri amene amajambula za imfa ndi chisoni n'kumazionetsa m'nyumba za zionetsero. Mtima wanga ukufuna kuchita zoterezi pokumbukira mayi, koma ndikuopa kuti abale adzati ndasandutsa maliro kukhala malonda. Kodi ntchito yotere ndi yoyenera pa mwambo wathu, ndipo munthu angayambire pati?

Yankho: Mayi, pepani kwambiri ndi zovuta zimene zinakugwerani. Miyezi inayi ndi nthawi yochepa kwa munthu amene wataya kholo lomubereka, choncho musadzikakamize kuthamanga ndi ntchitoyi. Ndikuona kuti zimene mukulingalirazi ndi zoyenera ndithu, ndipo mwambo wathu suziletsa, malinga ngati mukumbukira kuti maliro ali ndi eni ake, ndiponso kuti chisoni chimaoneka bwino mwa anthu otsala ndi m'zinthu zimene malemu asiya kusiyana ndi pankhope ya mtembo. Akatswiri ambiri amene ntchito zawo zakhalitsa m'mitima ya anthu anafika pa mfundo ziwirizi, aliyense podzera njira yake.

Ntchito imene mumagwira kale ndi yosiyana ndi imene mukufuna kuyambayi. Banja likakuitanani kuti mukajambule maliro limafuna umboni wa mmene mwambo unayendera: bokosi likutuluka m'nyumba ya siwa, abusa akulalikira, amayi a Chigwirizano akuimba atavala yunifolomu yawo, ana ndi zidzukulu akuika nkhata motsatira mmene woyendetsa mwambo akuwaitanira. Zithunzi zimenezo zimatumizidwa kwa abale a ku Lusaka, ku Kitwe kapena ku Johannesburg amene analephera kufika, ndipo ndi ntchito yaulemu imene simuyenera kuipeputsa. Koma imathera pa tsiku loika. Luso limene mwaona pa intaneti limayambira pamene tenti yaphwasulidwa, mipando yabwezedwa m'nyumba, okhuza maliro abwerera kwawo, ndipo anamfedwa atsala okha ndi pakhomo pamene pachepa munthu mmodzi.

Kujambula akufa si chinthu chatsopano. Luso la zithunzi litalengezedwa ku France mu 1839, mabanja ambiri a ku Ulaya ndi ku America ankaitana wojambula munthu atamwalira kale, makamaka akakhala mwana, chifukwa nthawi zambiri chimenecho chinkakhala chithunzi chokhacho cha munthuyo. Lero chifukwa chimenecho chinatha, popeza ngakhale agogo akumudzi ali m'mafoni a zidzukulu zawo ali amoyo, akusenda mtedza kapena akuseka pakhonde. Wojambula wa masiku ano akaloza kamera pa mtembo ayenera kukhala ndi chifukwa china chomveka, ndipo kawirikawiri sakhala nacho.

Ntchito imene ndikufuna muiyang'ane mofatsa kuposa zonse ndi ya Lebohang Kganye wa ku South Africa, amene anabadwira ku Katlehong mu 1990. Mayi ake anamwalira mu 2010, ndipo potsegula maalubamu a banja iye anazindikira kuti zovala zambiri zimene mayiwo anavala pa zithunzi za utsikana wawo zinali zikadalipo m'nyumba. Anazivala, anaima monga mmene mayi ake anaimira, anapendeketsa mutu ndi kuika manja mofanana nawo, kenaka pa kompyuta anasanjikiza chithunzi chake pa chithunzi chakale chija. Ntchitoyi anaitcha Ke Lefa Laka ndipo inatuluka mu 2013. Munthu ukamaiyang'ana umaona akazi awiri a msinkhu wofanana atavala diresi limodzi, wina akuoneka bwinobwino, wina mwachimbuuzi, mwakuti suzindikira msanga kuti wamoyo ndi uti. M'zithunzizo mulibe bokosi kapena manda, koma aliyense amene anaikapo mayi ake amamva zimene mwanayo akufunafuna. Mu 2024 Kganye analandira mphoto ya Deutsche Börse, imodzi mwa mphoto zolemekezeka pa luso la zithunzi, yomwe imaperekedwa ku London, ndipo gwero la ulendo wake wonsewo linali alubamu ya m'nyumba ngati imene ili kwanu ku Katete. Kunonso zithunzi zakale za mabanja zayamba kupatsidwa ulemu: ku Lusaka, Sana Ginwalla anayambitsa ntchito ya Zambia Belonging posonkhanitsa zithunzi zimene eni ake sanabwere kudzazitenga ku situdiyo yojambulira zithunzi ya Fine Art Studios.

Wachiwiri ndi Ishiuchi Miyako wa ku Japan, amene mayi ake anamwalira mu 2000. Awiriwa sankamvana kwenikweni, ndipo mayiwo atapita iye anatsala ndi katundu amene sanathe kumutaya. Anayamba kujambula chinthu chimodzichimodzi chapafupi kwambiri: chopaka mmilomo chimene chinaperesekera mbali imodzi molingana ndi mmene mayi ake ankachigwirira, chipeso chokhala ndi tsitsi, mano oikirira, ndi zovala zamkati zimene ankazipachika pazenera kuti kuwala kudutsemo. Zithunzizi, zotchedwa Mother's, zinaimira dziko la Japan pa chionetsero chachikulu cha ku Venice mu 2005. Chimene Ishiuchi amatiphunzitsa n'chakuti chinthu chimene munthu wachigwira zaka zambiri chimasunga maonekedwe a thupi lake. Mpini wa khasu la mayi anu unasalala pamalo pamene dzanja lawo linkagwira, ndipo malo amenewo ndi osiyana ndi pamene dzanja la munthu wina lingagwire. Buku lawo la nyimbo lili ndi masamba amene anada ndi kupindika pa nyimbo zimene ankazikonda, ndipo chitenje chimene ankamangira ndalama chikadali ndi makwinya pangodya. Zovala zamkati za kholo ife sitingazionetse pagulu, ndipo sindikukulangizani kutero, koma khasu, buku la nyimbo, mthiko ndi duku zili ndi mphamvu yomweyo.

Mwina katunduyo anagawidwa kale, monga timachitira maliro akatha. Zimenezo zisakufooketseni, chifukwa mwina ndi pamene pagona ntchito yanu yeniyeni, imene Kganye kapena Ishiuchi sakanaichita. Tsatirani katunduyo kumene anapita. Ngati chitenje chinapita kwa mayi aang'ono ku Sinda, kawajambuleni atachivala akupita kumunda. Ngati mphika uli kwa achemwali anu ku Petauke, kaujambuleni uli pamoto wa pakhomo lina. Mukadzaziika pamodzi zithunzi zimenezi, zidzaonetsa mmene munthu mmodzi amamwazikira pakati pa abale ake akamwalira, ndipo zidzafotokoza za mwambo wathu wa kugawa katundu chinthu chimene mlendo wobwera ndi kamera sangachione.

Pali nthawi imene imfa yeniyeniyo inaonetsedwa poyera ndipo kunali koyenera, koma taonani amene anagamula. Mu 1955 mnyamata wa zaka 14, Emmett Till, anaphedwa mwankhanza ku Mississippi chifukwa cha tsankho, ndipo mayi ake, Mamie Till, ndi amene analamula kuti bokosi likhale lotsegula ku Chicago ndi kulola kuti magazini ya Jet isindikize nkhope yowonongekayo, kuti dziko lione zimene linachita. Mu 1990 Therese Frare anajambula David Kirby akumwalira ndi Edzi ku Ohio, bambo ake atamugwira mutu, ndipo anali m'chipindamo chifukwa wodwalayo ndi banja lake anamulola. Ngakhale zinali choncho, kampani ya Benetton itagwiritsa ntchito chithunzicho pa malonda a zovala mu 1992, anthu ambiri anakwiya ngakhale kuti banja linavomera, zomwe zikusonyeza kuti chithunzi chikachoka m'manja mwanu chimatha kukafika pamalo pamene simunalingalire. Ku Germany, Walter Schels, mothandizana ndi mtolankhani Beate Lakotta amene ankalemba nkhani zawo, anajambula nkhope za anthu odwala mwakayakaya asanamwalire ndiponso atangomwalira, koma aliyense wa anthuwo anavomera yekha adakali moyo. Kuno kwathu, Kenneth Kaunda atalengeza mu 1987 kuti mwana wake Masuzgo anamwalira ndi Edzi, mawuwo anali ndi mphamvu chifukwa anachokera pakamwa pa mwini maliro, pa nthawi imene matendawa sankatchulidwa dzina pamanda.

Tsidya lina kuli Andres Serrano wa ku America, amene mu 1992 anajambula mitembo m'nyumba ya chisoni n'kutcha chithunzi chilichonse dzina la chimene chinapha munthuyo. Zithunzizo n'zojambulidwa mwaluso ndipo zaonetsedwa m'mayiko ambiri, koma ine sindizivomereza, chifukwa anthu amenewo analandidwa maina ndi mbiri yawo n'kutsala zilonda zokhazokha. Zimasiyana pang'ono chabe ndi khalidwe limene lafala masiku ano, lakuti ngozi ikachitika pa Great East Road anthu amathamangira kujambula ovulala ndi akufa, ndipo mayi amamva za imfa ya mwana wake pa WhatsApp uthenga wa abale usanafike. M'zaka za m'ma 1990 ojambula ambiri ochokera kunja anadzaza manyuzipepala a kwawo ndi matupi owonda a odwala a kuno ku Africa. Gideon Mendel, amene anajambula za Edzi kwa zaka zambiri m'mayiko a kuno kuphatikizapo Zambia ndi Malawi, pambuyo pake anathandiza kuyambitsa ntchito ya Through Positive Eyes, mmene anthu okhala ndi kachilombo amapatsidwa makamera kuti adzijambule okha. Kusintha kumeneko kunali kuvomereza kuti nkhani ya ululu iyenera kukhala m'manja mwa mwini ululuwo.

Santu Mofokeng wa ku Soweto, amene anamwalira mu 2020, anasonyeza njira ya pakati. Mu 2004 anajambula mbale wake Ishmael, amene ankadwala matenda obwera chifukwa cha Edzi, ku phanga la Motouleng m'chigawo cha Free State, kumene anthu amapita kukapemphera ndi kufunafuna machiritso. Pa chithunzicho Ishmael wavala bwinobwino, nkhope yake ili pafupi, ndipo maso ake ndi otsinzina. Matendawo sakuonetsedwa, koma woona amazindikira kuti munthuyu akutsanzikana. Nayenso Alfredo Jaar wa ku Chile, atapita ku Rwanda mu Ogasiti 1994 n'kujambula zoopsa za kuphana kumene kunachitika, anasankha kutsekera zithunzizo m'mabokosi akuda n'kulemba pamwamba pa bokosi lililonse zimene zili mkatimo. Pa mayi wina, Gutete Emerita, amene anaona mwamuna wake ndi ana ake aamuna awiri akuphedwa m'tchalitchi cha Ntarama, Jaar anaonetsa maso okha. Ifenso tikakumbukira ngozi ya ndege ya pa 27 Epulo 1993 kufupi ndi Libreville ku Gabon, mmene munafa anthu 30 kuphatikizapo osewera mpira 18 a timu ya dziko la Zambia, chimene ambiri timachiona m'maganizo ndi chithunzi cha anyamatawo ataima pamzere m'bwalo ali amoyo.

Tsopano tifike pa nkhawa yanu ya abale, imene ndi yoona ndipo siyenera kunyalanyazidwa. Inu ndinu namfedwa, choncho muli ndi ufulu pa chisoni chanu, koma mulibe ufulu pa chisoni cha azichemwali ndi azichimwene anu. Kwa Achewa nkhani yotere imayambira kwa mwinimbumba, amene kawirikawiri ndi atsibweni, pamene m'mabanja a Angoni a kwa Mpezeni mawu aakulu amachokera kuchimuna. Pitani nokha, musatumize uthenga pafoni, ndipo nyamulani zithunzi ziwiri kapena zitatu zotsuka kuti aone ndi maso zimene mukutanthauza, chifukwa mawu akuti chionetsero sauza munthu wamkulu chilichonse. Auzeni poyera kuti zithunzizo zidzapachikidwa pamene alendo adzaziona, kuti zina zingadzafike pa Facebook, ndiponso kuti zikafika kumeneko sizibwezeka. Munthu amene wavomera asanamve zimenezi sanavomere kanthu.

Wojambula za imfa ayenera kudziona ngati mdzukulu. Adzukulu amaloledwa kufika pafupi ndi mtembo kuposa wina aliyense, amausambitsa, amauveka, amakumba manda, koma zimene aona posambitsa sakazinena pabwalo. Kamera imakufikitsani pafupi chomwecho, ndipo zina zimene idzaone ziyenera kutsala mu memori khadi yanu. Pa chifukwa chimenechi ndikukulangizani kuti nthawi ya kuona nkhope muzitsitsa kamera, ngakhale pa maliro amene mwalipidwa, pokhapokha eni ake atapempha mwachindunji. Pa nthawi imeneyo munthu sadzilamulira, amagwa, chitenje chimamasuka, amafuula mawu amene mawa sangafune kuti amvedwe, ndipo chithunzi chotero n'chosavuta kuchijambula koma n'chovuta kuti mwini wake akhale nacho.

Kumudzi kulinso malire ena. Manda si malo olowamo mwachisawawa, ndipo mukafuna kukajambula mtumbira wa mayi anu muyenera kudzera kwa anyakwawa kuti akupatseni wokuperekezani. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulengeza mu 2005 kukhala chuma cha anthu onse, amatuluka pa maliro ndi pa miyambo yokumbukira akufa, ndipo kwa eni ake zilombo zimenezo ndi mizimu ya makolo. Kujambula gule pa Kulamba ku Mkaika, kumene amavinira khamu la alendo, n'kosiyana ndi kumujambula pa maliro a munthu wolowa. Pamenepo pemphani kaye kwa akuluakulu a mudzi, jambulani zokhazo zimene zikuchitika pabwalo poyera, ndipo za kudambwe musaziyandikire n'komwe.

Kunena za kajambulidwe, fulashi ilibe malo m'nyumba ya siwa kapena m'chipinda cha malemu. Imadzidzimutsa anthu, ndipo imapha mdima umene uli mbali ya nkhaniyo. Kwezani ISO (mphamvu imene kamera imamvera kuwala), tsegulani lenzi, gwiritsani ntchito kuwala kolowera pakhomo kapena pazenera, ndipo musaope chithunzi chokhala ndi timadontho kapena chogwedera pang'ono. Zimitsani phokoso la kamera ngati yanu imalola. Lenzi ya 35 mm kapena 50 mm ndi yabwino chifukwa imakukakamizani kuima pamene anthu akukuonani ndipo angathe kukukanizani, pamene lenzi yaitali imakuphunzitsani kuba nkhope muli kuseri kwa mtengo. Ndiponso musamangofunafuna misozi. Maliro athu ali ndi zambiri: masamba oyalidwa pamsewu kuti odutsa atsike njinga, phulusa la moto umene abambo anawotha usiku wonse, manja a amayi akuomola nsima m'mapoto akuluakulu, kope lolembamo chipepeso, ngakhale ufa umene a chimbuya achibemba, amene tili nawo pa chibale cha nthabwala, amapaka anamfedwa a kuno kum'mawa pofuna kuwapepuza mtima. Munthu wa ku Ulaya akaona kuseka pamaliro amadabwa, koma inu mukudziwa kuti nakonso ndi kulira, ndipo mungathe kukujambula moti kumveke.

Musaganize kuti ntchito imatha chithunzi chikajambulidwa. Zigawenga zitapha anthu pagombe la Grand-Bassam ku Côte d'Ivoire pa 13 Malichi 2016, wojambula wa m'dzikomo, Joana Choumali, anapita kumeneko patapita milungu itatu n'kujambula anthu m'misewu pogwiritsa ntchito foni chabe. Zithunzizo anazisindikiza pansalu n'kuyamba kuzipeta ndi ulusi wamitundumitundu, pang'onopang'ono, kwa nthawi yaitali, ndipo kupetako ndiko kunali kulira kwake. Ntchitoyi, yotchedwa Ça va aller, inamupezetsa mphoto ya Prix Pictet mu 2019, ndipo anakhala munthu woyamba wa ku Africa kuilandira. Ndatchula zimenezi pofuna kuti musadere nkhawa za kamera yodula, komanso chifukwa singano ndi ulusi n'zodziwika m'manja mwa amayi a kuno. Kachidutswa ka chitenje cha mayi anu kosokerera pa chithunzi, kapena mawu a nyimbo imene ankaikonda olembedwa ndi dzanja la mchemwali wanu m'munsi mwake, zingalowetse abale mu ntchitoyi kuti ikhale yawonso.

Mwambo wathu wakupatsani kale nthawi yogwirira ntchito, kuyambira tsiku la kumeta mpaka pa bona kapena pa kuvundukula chiliza, zimene kawirikawiri zimachitika patapita chaka kapena kuposerapo. Jambulani nyengo yonseyo. Bwererani pamalo amodzimodzi dzinja likafika ndiponso m'chilimwe, muone munda wa mayi ukamera udzu kapena ukalimidwa ndi wina, nkhokwe ikayamba kupendekeka, ana akayambanso kusewera pakhonde pamene poyamba ankapaopa. Musasankhe zithunzi mukangojambula, chifukwa mtima wachisoni umakonda chilichonse. Dikirani miyezi ingapo, kenaka tsukani zochepa, mwina khumi ndi zisanu, muziyale pamphasa n'kuchotsa zimene zikunena chinthu chimodzi kawiri. Sungani mafailo oyambirira malo awiri osiyana, popeza foni imatayika ndipo WhatsApp imachepetsa ubwino wa chithunzi, ndipo zotsuka zikhale kutali ndi chinyontho ndi chiswe.

Chionetsero choyamba chichitikire kumudzi, pa tsiku la chiliza, pamaso pa anthu amene ankawadziwa malemu, ndipo za kukapachika ku Chipata kapena ku Henry Tayali Gallery ku Lusaka zibwere pambuyo pake. M'bale akakana chithunzi chimene iye alimo, chichotseni ngakhale chitakhala chokongola kuposa zonse, koma musachifafanize, chifukwa anthu amasintha maganizo zaka zikapita. Za ndalama musazibise. Wojambula ali ndi ufulu wodyerera luso lake, ndipo kugulitsa chithunzi cha khasu la mayi anu si kugulitsa maliro, koma mphekesera zimabadwa pamene abale amva kwa anthu ena kuti chithunzi chagulidwa. Gwirizanani ndi atsibweni ntchito isanatuluke kuti ndi zithunzi ziti zimene zingagulitsidwe, ziti zongoonetsa, ziti za m'banja mokha, ndiponso ngati gawo lina la ndalamazo lidzathandize pa chiliza kapena pa sukulu ya ana amene mayi ankawalera. Zimene mwagwirizanazo muzilembe papepala m'Chichewa, ndipo inu ndi iwo aliyense asunge lake.